Njinga yamoto ya m'bokosi

Njinga yamoto yanga yoyamba ndinaigula m'zaka zoyambirira za matipate, nthawi imene mitengo ya zinthu inkasintha munthu usanafike kunyumba. Ndinkalima fodya wa bale kumudzi kwa akazi anga, kufupi ndi Mitundu, ndiponso ndinali mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Ulembiwo unali ntchito yoyenda. Kulondola mabelo, kukafunsa za lole, kukaona mamembala okhala kutsidya kwa dambo, zonsezi ndinkachita pa njinga yakapalasa, ndipo maondo anali atayamba kudandaula.

Chaka chimenecho fodya anayenda bwino ku okushoni. Ndalama zitabwera ndinazigawa pawiri. Gawo lalikulu linali la njinga. Gawo laling'ono linali la feteleza wa chaka chotsatira, ndipo limeneli ndinalikulunga palokha. Ngongole ya feteleza inali itavuta kupeza, ndipo mtengo wake unkakwera mvula ikamayandikira. Ndinali nditawaona alimi amene anadya ndalama ya feteleza: chaka chimodzi akwera njinga, chaka chinacho aigulitsa kuti agule chimanga. Sindinkafuna kukhala mmodzi wa iwo. Amene ankadziwa kuchuluka kwa ndalama zonse pamodzi anali akazi anga okha.

Ndinayamba ndapita m'tauni, kusitolo ina ya magalasi aakulu. Mtengo unali wolembedwa pa kakhadi kolendewera pa handulo, ndipo unkaposa pang'ono gawo langa la njinga. Ndinafunsa ngati angatsitseko. Wogulitsa, mnyamata wovala taye, anayankha kuti iwo satsitsa, kenaka anatembenukira kwa munthu wina. Sindinafunsenso china. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti mtengo wa njinga yamoto ndi womwe uja wa pa kakhadi, basi.

Loweruka lotsatira, pamsika wa pa Mitundu, ndinakumana ndi alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Ankakhala ku Nathenje, ndipo ntchito yawo inali yogula ng'ombe m'midzi n'kumagulitsa kwa ophera nyama. Kubanja la akazi anga iwo ndiwo anali mwinimbumba. Munda umene ndinkalima fodyawo anandilozera ndi iwo. Mkamwini amadziwa mmene amalankhulira ndi munthu wotere.

"Ndamva mukufuna njinga yamoto, alamu," anatero.

"Mwamva kwa yani?"

"Pakufunikanso kumva? Njinga ya alangizi ikamadutsa mumaiyang'ana ngati mukufuna kukaifunsira."

Ndinaseka pang'ono. Iwo anapitiriza kunena kuti m'tauni adzandidula khosi. Ku Nathenje kunali mnyamata wina amene anatsegula sitolo ya zipangizo za njinga, ndipo ankatenga njinga zamoto zatsopano kwa eni ake omwewo a m'tauni. Iye analibe lendi ya magalasi, analibenso antchito a mataye oti aziwalipira.

"Inu mungobwera. Pakamwa padzakhala panga, thumba lidzakhala lanu."

Alamu anga sanali munthu woipa. Koma ntchito yawo inali yokhala pakati pa wogula ndi wogulitsa, ndipo kumsika wa ng'ombe aliyense amadziwa kuti munthu wa pakati amalandira kanthu uku ndi uku. Kumeneko palibe amadandaula nazo, chifukwa zimachitika poyera. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti pa njinga yanga iwo akhala mbali iti. Kukana kunali kovuta. Ndinavomera.

Tsiku limene tinapangana ndinanyamuka m'mamawa pa njinga yakapalasa, kudzera msewu wafumbi. Ndalama za njinga zinali m'thumba la mkati la jekete. Za feteleza zinali m'kathumba kamene akazi anga anasokerera mkati mwa buluku. Ndinazitenga chifukwa ndinkafuna ndikagule fetelezayo konko, kufupi ndi msewu wa tala, kumene ankatsikirako mtengo kusiyana ndi kwathu.

Sitoloyo inali pakati pa golosale ndi chipinda chometera. Mkati munali machubu, matcheni, mapampu ndi mabelu a njinga. Pakhonde panali atelala achikulire ndi makina awo, ndipo chapafupi, pansi pa mtengo, amuna ena ankasewera bawo. Kumsewu makondakitala ankaitanira anthu a ku Dedza ndi a m'tauni. Njinga yamotoyo inali pakhonde pomwepo, yofiira, mpando wake wokutidwa ndi pulasitiki. Alamu anali atafika kale, atakhala pa benchi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi.

Mwini sitolo anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wovala wotchi yaikulu. Anandilandira ndi manja awiri.

"Alembi, takulandirani. Ndamva chaka chino mabelo anu sanabwezeko ngakhale limodzi."

Zinali zoona. Koma munthuyu ndinali ndisanamuonepo. Ndinayang'ana alamu. Iwo ankayang'ana botolo lawo.

Kukambirana mtengo kunayamba monga mmene kumayambira kumsika wa ng'ombe, chifukwa alamu sankadziwa njira ina. Anaimirira, anazungulira njingayo pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, anamenya tayala ndi nsapato, anakanikiza mpando ndi chikhatho.

"Yowonda iyi. Ingakwere phiri la ku Nkhoma itanyamula munthu ndi thumba?"

"Madala, imeneyi imakwera ndi anthu awiri."

"Anthu awiri ngati iweyo, opanda mimba. Taona apa, penti wakalika. Wakhala ukuionetsa kwa atsikana eti?"

"Ndi fumbi limenelo, madala."

"Fumbi limachoka ndi malovu. Ili silikuchoka."

Atelala anasiya kupalasa makina n'kumaseka. Anafunsa alamu ngati ayang'anenso mano. Osewera bawo awiri anabwera kudzaonerera. Mwini sitolo anatchula mtengo, alamu anagwira kumutu n'kuyamba kuchoka, iye anawaitana, anabwerera. Zinachitika chomwecho kangapo. Ine ndinangokhala chete, monga mmene tinagwirizanirana, ndikuyang'ana njingayo. Ndinaona kuti timinga tamphira timene timakhala pa tayala latsopano tinali titatha pakati, tinatsala m'mbali mokha. Paipi yotulutsa utsi inali itasintha mtundu kufupi ndi injini. Kunsi kwa madigadi kunali matope ouma. Ndinaganiza kuti mwina amailiza poonetsa anthu. Ndinasunga mumtima.

Mtengo unatsika mpaka unalowa m'gawo langa la njinga, n'kutsalako pang'ono. Unali wotsika ndithu kuposa wa pa kakhadi ka m'tauni, ndipo mwini sitolo analonjeza kuikapo chisoti chovala pa njinga. Alamu anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu. Pamenepo anagwira dzanja langa ndi la mwini sitolo, anawalumikiza, n'kuika lawo pamwamba.

"Atelala, mwaona? Inu a bawo, mwaona? Njinga yatsopano, mtengo ndi umene mwamvawu."

Onse anavomera kuti aona. Alamu anazula kiyi pa njingayo n'kundiikira m'manja.

Amene sanagulepo ng'ombe sangamvetse kulemera kwa zimenezi. Kumsika wa ng'ombe, mukagwirana chanza pamaso pa anthu, wogula n'kulandira chingwe, nkhani yatha. Wogulitsa sangawonjezere, wogula sangabwerere. Wobwerera amadziwika, ndipo mawa palibe amene amafuna kuchita naye malonda. Manyazi ake amagweranso amene anamubweretsa. Alamu anandipatsa kiyi uja monga chingwe, ndipo ine ndinamulandira monga chingwe.

"Tiyeni mkati, alembi, timalize timapepala," anatero mwini sitolo.

Mkati anatulutsa kamakina kowerengera, anakaika pa kauntala, analembamo mtengo umene tinagwirizana. Ine ndinali nditayamba kale kumasula batani la jekete.

"Tsopano pali yonyamulira," anatero, osandiyang'ana.

"Yonyamulira chiyani?"

"Kuchokera m'tauni kufika pano. Lole saikwera ulere."

Anadina. Kenaka panabwera yomangira, chifukwa njinga imabwera yomasula. Panabwera yoikonzekeretsa: oyilo, madzi a batire, petulo woyambira. Panabwera ya mapepala, yoti iye akathamangire nambala ndi inshuwalansi m'tauni m'malo mwanga, ndi yake ya mayendedwe pa ulendo umenewo. Pomaliza panabwera msonkho. Chilichonse ankachitchula payekha, n'kudikira pang'ono ngati wamaliza, kenaka n'kukumbukira china. Atatha anatembenuzira kamakinako kwa ine.

Ndinayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Siinangoposa gawo la njinga. Inafika pafupi kwambiri ndi ndalama zonse zimene ndinali nazo m'thupi, za m'jekete ndi za m'buluku pamodzi. Zotsala zikanangokwana chakudya cha masana. Mwina zinangochitika. Koma ine ndinkagwira ntchito ya manambala, ndipo sindinkakhulupirira kuti zinthu zisanu zosiyana zingawonkhetsedwe n'kukathera pa thumba la munthu ndendende popanda wina kudziwa kukula kwa thumbalo.

Ndinatembenukira kwa alamu. Munthu amene panja paja anakangana mpaka thukuta chifukwa cha penti wokalika anali ataima pakhomo, akuyang'ana kumsewu.

"Alamu, mwamva izi?"

"Ndamva. Ndi mmene zimakhalira zinthu za injini, alamu. Si ng'ombe iyi."

"Panja paja inali ng'ombe."

"Iwe, tachotsako pang'ono pa yonyamulirayo," alamu anauza mwini sitolo, koma mawu awo analibe mphamvu. Mwini sitolo anachotsako kandalama kosakwana ngakhale theka la thumba la feteleza.

Ndinaima pamenepo kiyi ali m'manja. Ndikanamuika pa kauntala n'kutuluka, atelala ndi a bawo akanaona mkamwini wa alamu akubwerera pa chanza, ndipo nkhaniyo ikanafika kumudzi ine ndisanafike. Ndikanalipira, ndiye kuti fodya wa chaka chotsatira akanamera wopanda feteleza. Ndinaona kuti mwini sitolo akudziwa zonse ziwiri. Sankafulumira. Ankapukuta kauntala ndi kansalu.

"Yonyamulirayi," ndinatero, "njingayi inabwera pa lole?"

"Pa lole, bwana."

"Nanga matope ali kunsi kwa madigadi aja anakwera nawo lole?"

Anaseka. Anati amaiyesa kaye asanaigulitse, kuti kasitomala asakavutike. Ndinafunsa kuti amaiyesa mpaka kuti, poti timinga ta matayala tatha. Anati msewu wa pano ndi wokalakala. Ndinayang'ana wotchi ya makilomita kudzera pakhomo; inkaonetsa ngati njingayo siinayendepo. Koma ndinkadziwa kuti kachingwe ka wotchi imeneyo kamamasulidwa ndi zala ziwiri.

Ndinasiya za lole, ndinafunsa za yomangira. Ndinati ndalama imeneyo yachuluka pa ntchito yomanga mabawuti. Apa mwini sitolo anakhudzidwa, kapena ananamizira kukhudzidwa.

"Alembi, inu simukudziwa mmene zimabwerera zinthuzi. Bwerani muone, musamati ndikukuberani."

Anatsegula chitseko cha kuseri. M'kachipinda kamdima, pakati pa makatoni, munali bokosi lalikulu la matabwa ndi zitsulo. Anakweza katoni ya pamwamba. Mkati munali njinga ina, yabuluu, tayala lakutsogolo lili pambali, handulo yomangirira ndi mawaya, zitsulo zonse zopakidwa girizi. Matayala ake anali ndi timinga tonse.

"Mwaona? Kuti ichi chikhale njinga ndi tsiku lathunthu la munthu wodziwa."

Ndinaiyang'ana bwinobwino. Kenaka ndinamupatsa kiyi uja.

"Ndipatseni iyi."

"Iyi siinamangidwe."

"Ndaona. Ndiitenga momwemu."

Anaseka, akuganiza kuti ndikucheza. Ndinamuuza kuti yomangira sindilipira chifukwa sanaimange. Yokonzekeretsa sindilipira chifukwa mulibe oyilo kapena petulo. Mapepala ndikathamangira ndekha, miyendo ndili nayo. Msonkho ndilipira, ngati aulemba pa lisiti ndi dzina lake loti msonkho. Yonyamulira kuchokera m'tauni, imeneyo ndinati ili kale mu mtengo, monga mmene ilili pa machubu ndi mapampu amene anapachika m'sitolomo. Palibe amene amagula pampu n'kulipiranso lole.

"Iyi ili ndi mwini wake kale," anatero. "Aphunzitsi ena a ku Diamphwe."

"Analipira?"

"Akubwera kumapeto kwa mwezi."

"Adzatenga yofiirayo. Ndi yomangamanga, sadzavutika."

Alamu analowa m'kachipindamo. Nkhope yawo inali itasintha.

"Alamu, musandichititse manyazi. Tagwirana chanza pa njinga ili panja ija. Anthu aona."

"Tiyeni tikawafunse chimene aona."

Sindinali munthu wokonda kulankhula pagulu, ndipo mpaka lero sindine. Koma ndinatuluka pakhonde, enawo akunditsatira. Ndinafunsa atelala mwaulemu kuti abwereze mawu amene alamu ananena titagwirana manja. Atelala anavula magalasi.

"Anati njinga yatsopano, mtengo ndi umene mwamvawu."

"Anatchula yofiira?"

"Sanatchule mtundu."

"Anatchula yonyamulira, kapena yomangira?"

"Zimenezo sitinamve ife."

Mmodzi wa a bawo anawerama n'kuyang'ana tayala la njinga yofiira ija. Anati iyeyo anaiona sabata yatha ikuchokera cha ku Nkhoma, mwini sitolo ali pamwamba, kumbuyo kuli mayi wina wonyamula dengu. Mnzake anati ayi, linali dzana, ndipo dengulo linali la tomato. Anthu anaseka. Mwini sitolo anati amenewo ndi mabodza a anthu osowa ntchito, koma sanakweze mawu.

"Chanza chimamanga anthu awiri," anatero atelala, akubwezera magalasi. "Uyu sangabwerere, iwenso sungawonjezere. Ukanafuna za lolezo ukananena dzanja lisanatambasuke."

Sindikuganiza kuti mwini sitolo ankaopa atelala. Koma sitolo yake inali pakhonde limodzi ndi anthu amenewa, ndipo ogula machubu ake anali omwewa ndi abale awo. Mwambo umene unandimanga ine unali utamumanganso iye. Anayang'ana alamu. Kuyang'ana kumeneko ndimakukumbukirabe. Sindinganene ngati kunali kupempha thandizo kwa munthu wamkulu, kapena kufunsa mnzake wa malonda kuti nanga tsopano titani. Alamu anatukula mapewa.

Tinabwerera ku kauntala. Anayesa njira zina. Anati ndikaitenga m'bokosi, ikadzavuta ndisadzabwere kwa iye, chifukwa eni ake a m'tauni amakonza ulere njinga yokhayo imene yamangidwa ndi munthu wawo. Ichi chinandiopsa, chifukwa chinkamveka choona, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti chinali choonadi. Ndinaganiza pang'ono, ndinavomera. Anati chisoti chimene anandilonjeza panja paja chinali cha njinga yofiira, sichipita ndi iyi. Ndinavomeranso. Pa yonyamulira anakakamira kwambiri. Pomaliza ndinamupatsa theka lake, osati chifukwa ndinakhutira, koma chifukwa bokosilo linabweradi pa galimoto, ndipo munthu sumusiya wopanda pothawira pamaso pa anzake.

Ndinamuuza kuti alembe pa lisiti nambala ya injini ndi ya fulemu, ndipo ndinalowanso m'kachipinda kukaziwerenga ndekha pa chitsulo. Ndinalipira kuchokera m'jekete mokha. Jekete inatsala yopanda kanthu, koma dzanja langa silinapite ku buluku. Ndinaona maso ake akutsikira komweko kamodzi, n'kubwerera.

Vuto linatsala la kanyamulidwe. Kumsika ndinapeza bambo wina wa mudzi woyandikana ndi wathu amene anabweretsa kabichi pa ngolo ndipo ankabwerera wopanda katundu. Tinagwirizana kuti ndidzamulipira kunyumba ndi mtedza. Amuna a bawo aja anathandiza kukweza bokosilo, akuseka kuti aka n'koyamba kuona njinga yamoto ikukokedwa ndi ng'ombe. Kuchokera pamenepo tinapita molunjika kogulitsa feteleza. Ndinalowa kuseri kwa nyumba, ndinang'amba ulusi wa kathumba kaja, ndinagula matumba onse amene ndinawerengera. Sindinafune kuti ndalama imeneyo igonenso m'thupi mwanga. Tinawasanja m'mbali mwa bokosi, njinga yakapalasa pamwamba.

Alamu anatiperekeza mpaka pamene msewu wafumbi umayambira. Tinkayenda kumbuyo kwa ngolo. Kenaka ndinafunsa.

"Alamu, mnyamata uja anadziwa bwanji za mabelo anga?"

"Ndinamuuza ine. Ndimati adziwe kuti simunabwere kudzasewera."

"Munamuuzanso ndalama zimene ndinali nazo?"

"Ndalama zanu ndingazidziwe bwanji? Ndimagona m'nyumba mwanu ine?"

Anayankha mwamsanga, akuseka. Sindinapitirize. Mwa mwambo wa malonda, wogula amapereka kanthu kwa munthu amene wamulankhulira. Ndinali ndi ndalama pang'ono zotsala pa feteleza, zimene ndinati ndigulire chakudya panjira. Ndinazipinda, ndinawapatsa ndi manja awiri.

"Ya sopo, alamu. Mwatsitsa mtengo ndinu."

Anaziyang'ana, sanatambasule dzanja.

"Sungani. Mukagulire oyilo, poti mwakana wa eni ake."

Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa, sindinawaonepo akukana ndalama ya pakati, ngakhale pa mbuzi. Anatsanzika, anabwerera. Ngolo itayenda pang'ono ndinacheuka. Sanakhotere njira ya kunyumba kwawo. Ankabwerera cha kusitolo kuja. Mwina anakatenga chipewa chimene anasiya pa benchi. Sindikukumbukira ngati anabwera ndi chipewa. Mwina anapita kukamukalipira mnyamatayo chifukwa chowachititsa manyazi. Mwinanso panali zina zoti akambirane.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka kwambiri. Anthu anatuluka kudzaona njinga, anapeza bokosi. Mayi ena anafunsa ngati muli chigayo. Akazi anga anayang'ana bokosilo, anayang'ana matumba a feteleza, anawawerenga ndi maso, n'kukatenga madzi akumwa.

Mawa lake tikusankha mtedza wolipira mwini ngolo ndinawafunsa akazi anga ngati anawauza achimwene awo za ndalama.

"Anandifunsa, ndinawauza."

"Zonse pamodzi?"

"Zonse. Ndimati asakulozereni chinthu chimene simungathe. Kodi ndalakwa?"

"Iwo akuti sakuzidziwa."

Akazi anga anasiya kusankha. Kenaka anati mwina anaiwala, ndi munthu wa zambiri. Anatola lichero n'kulowa m'nyumba. Sindinawatsatire. Ndinaona kuti ndikakumba kwambiri ndiwaika pakati pa mwamuna wawo ndi mlongo wawo, ndipo pamenepo palibe chimene ndikanapindula.

Bokosilo linakhala m'chipinda chosungiramo fodya kwa milungu ingapo. Amene anaimanga njingayo anali makaniko wokonza injini za zigayo pa Mitundu. Anagwira masiku awiri, ine ndili pambali kumuwerengera kabuku kachingerezi kamene kanali m'bokosimo. Anandilipiritsa zochepa kwambiri poyerekeza ndi yomangira ija, koma buleki yakutsogolo inkalira kwa miyezi, ndipo panatsala mabawuti awiri amene sitinadziwe malo ake. Za nambala ndi inshuwalansi zinandiyendetsa m'tauni kangapo, ndipo ulendo uliwonse unkadya ndalama ya minibasi ndi tsiku la kumunda. Ndikawonkhetsa, pa mapepala pokhapo mwina mnyamata uja sankandibera kwambiri. Chisoti ndinagula chakale kumsika wa kaunjika. Batire linafa chaka chisanathe, ndipo ndinalibe koti n'kukadandaula.

Mvula itagwa, feteleza anali m'nyumba. Anzanga ena a m'kalabu ankathamangira m'masitolo mtengo utakwera kale, ena anathira theka. Ine ndinathira wokwanira, pa nthawi yake.

Alamu anabwera kumudzi nthawi yopalira, pa nkhani ina ya kubanja. Anapita kumunda, anayenda m'mizere ya fodya manja ali kumbuyo, anati wakula bwino. Njinga inali pakhonde. Anaidutsa popita, anaidutsanso pobwera. Pochoka ndinati ndiwaperekeze nayo mpaka ku Nathenje. Anati ayi, msana wawo sugwirizana ndi zinthu za injini, akakwera matola. Ndinawaperekeza wapansi mpaka pamsewu, tikukamba za mtengo wa ng'ombe, ndipo tinadikira limodzi mpaka galimoto inabwera.